Kamunga Kobisala

Foni inalira ndili ndi mapini pakamwa, ndikumasula diresi la mkwatibwi wina amene ananenepa pakati pa tsiku loyeza ndi tsiku lodzatenga. Anali alamu anga, akazi a achimwene, ndipo sanapereke n'komwe moni.

"Achimwene ako awagwira. Ali kubwalo la ndege, kushedi ya katundu. Akuti nsomba zawo n'zoletsedwa. Thamanga ukawatenge amayi kuntchito, akufunika komweko."

Ndinalavulira mapini m'dzanja n'kutseka shopu, diresi lili pamakina pomwepo. Inali itangodutsa naini koloko m'mawa.

Achimwene ankaweta tinsomba ta m'magalasi, tija anthu olemera amaika pabalaza kuti azitiyang'ana akatopa kuyang'anana okhaokha. Kuseri kwa nyumba yawo kunali mathanki makumi anayi, ndipo mwezi uliwonse ankatumiza mabokosi kunja pandege. Nsomba yawo yodalirika inali kabuluu, kanthu kotalika ngati chala chapakati, ka mizere yakuda m'nthiti, ka mtundu uja wolera ana m'kamwa. Kabuluu wamba saletsa. Koma ali ndi mnzake wofanana naye zedi, amene anthu a ntchitoyi amangomutchula kuti msuweni. Msuweniyo amapezeka malo amodzi okha ndipo atsala ochepa, choncho lamulo lake silinyengerera: akakupeza ukumutulutsa m'dziko, laisensi imapita, iwenso umapita kundende. Mtundu ndi womwewo, mizere ndi yomweyo. Chowasiyanitsa ndi minga ya chipsepse cha pamsana. Kabuluu wamba ali ndi minga khumi ndi isanu. Msuweni ali ndi khumi ndi isanu ndi umodzi.

Ine telala ndimadziwa zonsezi chifukwa ndine mwana wa amayi.

Amayi analowa ku ofesi yofufuza za nsomba ngati wokolopa, ine ndili kumsana. Sukulu anailekeza panjira, koma maso ndi manja Mulungu sanawamane. Pansi pa ofesiyo pali chipinda chopanda zenera, chonunkha sipiriti, momwe muli mashelefu odzaza mabotolo, botolo lililonse nsomba zake zakufa ndi kapepala ka dzina. Tsiku lina atapukuta fumbi anauza Dokotala wa nthawiyo, katswiri wamkulu wa nsomba pa ofesiyo, kuti mabotolo awiri anasinthana timapepala. Dokotala anaseka, kenako anatenga singano n'kuwerenga, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Kuyambira apo chokolopera anachisiyira ena. Anakhala m'chipindamo zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka anthu anaiwala dzina lawo n'kumangoti Mayi a Mabotolo. Madokotala atatu anadutsapo. Aliyense ankatsika masitepe ndi nsomba m'mbale, amayi n'kuwerenga, iye n'kukwera kukasaina. Pachitseko panali dzina la Dokotala, pamakalata dzina la Dokotala, m'mabuku dzina la Dokotala. Pachitupa cha amayi panalembedwa kuti wothandizira, ndipo ine zinkandipsetsa mtima kuposa eni ake.

Anali ndi kawerengedwe kawokawo. Ophunzira amayambira kumutu kupita kumchira. Amayi ankayambira kumchira kubwerera kumutu, chifukwa munga woyamba, wa pafupi ndi khosi, umakhala kakang'ono ndipo pa nsomba zina umagona m'khungu osaoneka. Woyambira kumutu amaulumpha osadziwa, koma wochokera kumchira singano yake imakagunda pamenepo. Ankawerenga katatu, mokweza, ndiponso m'Chichewa. Ankati manambala a Chingerezi ndi afupiafupi, amathamangitsa dzanja. Kunyumba tinavutika nazo. Nsomba ikafika patebulo palibe ankaikhudza mpaka amayi atasolola singano pakolala ya bulauzi n'kuiwerenga, ife malovu ali chuchuchu. Malemu abambo ankati m'dziko lonse ndi nyumba yathu yokha imene nsomba imafunsidwa dzina isanadyedwe.

Ndinawapeza ataima kale pageti pa ofesi, kachitini kawo ka zipangizo kali m'manja. Uthenga unali utawafika kudzera kwa akuluakulu awo. Tinakwera takisi.

Takisi itakhota pamsewu wa kubwalo la ndege m'pamene ndinakumbukira ndowa ija. Zaka zisanu ndi chimodzi kumbuyoko, ntchito ya umakanika itawathera, achimwene anagula tinsomba tisanu ndi titatu kwa munthu wina amene ankatseka mathanki ake. Ankafuna kalata yotsimikiza mtundu wake kuti apeze laisensi. Anabwera nato m'ndowa kunyumba tsiku lomwe abambo anawagoneka m'chipatala komaliza. Amayi anali pakhomo, basiketi ya zovala kudzanja ili, fulasiki kudzanja ili, galimoto ikuliza hutala pamsewu. Anasuzumira m'ndowamo nati, "Kabuluu wamba ameneyu." Mawa lake Dokotala anasaina. Nsomba zonse za m'mathanki makumi anayi aja zinali zidzukulu za tinsomba tisanu ndi titatu timeneto.

"Amayi," ndinatero motsitsa mawu, "tinsomba ta m'ndowa tija, pambuyo pake munadzatiwerenga eti?"

Anayang'ana pawindo. Zala zawo zinali zitafinya kachitini mpaka zikhadabo kuyera.

"Uwauze adalaivala achepetse wailesi," anatero.

Shedi ya katundu ndi chinyumba cha malata chachitali, chotentha ngati uvuni. Tigalimoto tonyamula mabokosi tinkangozungulira tikulira. Anatilowetsa pakona ina yotchingidwa ndi waya, pomwe panali tebulo lachitsulo, sikelo, ndi mabokosi oyera khumi ndi awiri a achimwene, limodzi lili chitsegukire. Mkati munali matumba apulasitiki otupa ndi mpweya, tinsomba tikugundana m'madzi ochepa, titayezuka ndi mantha mpaka ubuluu wonse kuthawa. Achimwene anakhala pathabwa lonyamulira katundu, shati itamatirira kumsana. Munthu wamkulu thupi, wa ana atatu, amene kwawo akatsokomola agalu amakhala chete, apa anali atapinda manja pakati pa maondo. Pambali pawo wapolisi anakhala pampando, unyolo uli lende palamba.

Insipekitala anali bambo woonda wa magalasi, watsopano pamalopo, shati yositidwa mpaka kuthwa. M'manja anali ndi buku la zithunzi za nsomba ndi kalata yochokera kulikulu. Anafotokoza mwaulemu woopsa uja wa anthu amene sakuopa. Kunja kwagwidwa msuweni m'masitolo awiri, ndiye lamulo latsika lakuti kabuluu aliyense aziyesedwa asanakwere ndege.

"Ndinu mwachokera kwa Dokotala?"

"Ndine," anayankha amayi. "Koma musanandipatse nsomba, dziwani kuti uyo wakhala apoyo ndi mwana wanga wachisamba."

Ndinafuna kuwatsina. Ndani anawafunsa? Insipekitala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Dokotala ali kunja kumsonkhano, abwera pakatha milungu iwiri. Ndafunsa ngati alipo wina, andiuza kuti wodziwa ndinu nokha. Mukakana, bambowa adikira milungu iwiriyo m'chitolokosi, nsombazi zifera m'mabokosi. Ndiye tichite chonchi, mayi. Nsomba ndisankha ndekha. Ndiwerenga ndine poyamba, inu mutsimikize ine ndikuona. Ikakhala fifitini, ndege ya thuu koloko aipeza. Ikakhala sikisitini, bwana awa agwira ntchito yawo."

Wapolisi anakanda chibwano osayang'ana aliyense.

Insipekitala anapisa dzanja pansi penipeni pa bokosi n'kutulutsa thumba. Amayi anatsegula kachitini n'kuyala zinthu zawo patebulo mwa dongosolo lomwe ndinalidziwa kuyambira ndili mwana: kambale, kansalu koyera, kabotolo ka mankhwala ogonetsa nsomba, galasi lokuzira zinthu, tochi. Singano anaisolola pakolala. Anathira madzi a m'thumba m'kambale, anadonthezamo madontho atatu, n'kuikamo kansomba kamodzi. Kanazungulira kawiri, kanapendekeka, kenako kanagona chammbali, makha okha akutakataka pang'onopang'ono. Anakatola ndi manja onyowa n'kukagoneka pakansalu.

"Muli ndi mphindi ziwiri kasanayambe kuvutika," anatero. "Kenako kabwerere m'madzi."

Insipekitala anawerama ndi galasi. Anadzutsa chipsepse ndi singano mosazolowera, n'kuyambira kumutu monga amachitira onse ophunzira.

"Wani, thuu, firii, folo..."

Ndinatseka maso. Ndinkamva tigalimoto tija, ndi ndege ina ikutenthetsa injini kutali, ndi mpweya wa achimwene ukutuluka m'mphuno ngati wa munthu wokwera phiri.

"...fotini, fifitini." Anabwereza. "Fifitini."

Achimwene anatulutsa mawu amene sindinawamvepo, pakati pa kuseka ndi kulira. Wapolisi anaimirira n'kudziwongola msana. Ngakhale nkhope ya Insipekitala inamasuka, ndipo ndinaona kuti nayenso sankafuna kumanga munthu pamaso pa mayi ake. Anatsegula cholembera.

"Tsimikizani, mayi, tilembe, anthu apakire katundu."

Apa m'pamene ndinapemphera pemphero loipa. Ndinati Ambuye, angogwedeza mutu movomera basi. Munthu wa boma waona yekha ndi maso ake, wawerenga kawiri. Palibe akuwapempha kunama. Angoti eya.

Amayi anabwezera kansomba m'madzi kuti kapume, anadikira, n'kukagonekanso. Anandipatsa tochi osandiyang'ana.

"Unika apa."

Ntchito imeneyi ndinaiyamba ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, masiku a tchuthi m'chipinda cha mabotolo. Ndimadziwa kuti kuwala kuyenera kuchokera cham'mbali, motsika, kuti munga uliwonse uponye mthunzi wake. Ndinaunika. Amayi anaika nsonga ya singano pa munga womaliza wa kumchira.

"Umodzi. Iwiri. Itatu."

Mawu awo anali a masiku onse, aja owerengera nsomba ya patebulo. Singano inkadumpha munga ndi munga, ndipo minga inkafupika pamene inkayandikira kumutu.

"Isanu ndi inayi. Khumi. Khumi ndi umodzi."

Ine ndinathamangitsa maso kutsogolo kwa singano, ndipo ndinakaona. Patsogolo pa munga umene Insipekitala anayambirapo panali kotupa kakang'ono pakhungu, kosaposa kambewu ka mpiru, kali ndi mthunzi wakewake. Sindinaganize kawiri, ndipo sindinama kuti dzanja linatopa. Ndinakweza tochi pang'ono n'kuipendeketsa kuti kuwala kugwe kuchokera pamwamba. Kamthunzi kaja kanazimirira. Pakhosi pa nsomba panaoneka posalala.

"Khumi ndi itatu. Khumi ndi inayi. Khumi ndi isanu."

Analekeza. Insipekitala anaika cholembera papepala. Achimwene anali ataimirira kale. Koma singano sinachoke pansomba. Inatsetsereka pang'ono kupita kumutu, mtunda wosakwana kambewu kamodzi ka mpunga, n'kuima. Ndinaona nsonga yake itakodwa.

"Wongola tochi," anatero amayi.

Sindinawongole.

"Amayi," ananong'ona achimwene.

Dontho la thukuta linatsika kuchokera m'duku la amayi, linadutsa patsaya n'kugwera pakansalu. Ndikulumbira, ndinaona mayi anga akuyesa kutseka pakamwa, akuyesetsa ndi mphamvu zawo zonse.

"Ndati wongola tochi, mwanawe."

Ndinawongola. Anatembenuza singano, ndipo kamunga kanadzuka m'khungu, kafupi, kowala, kolunjika.

"Ndi umodzi," anatero. "Khumi ndi isanu ndi umodzi."

Anatenga dzanja la Insipekitala monga amatengera la mwana wasukulu, anamugwiritsa singano n'kumukhudzitsa pamalopo kuti amve yekha kukodwa kwake. Kenako anawerenga kachiwiri ndi kachitatu, mokweza, osalumpha liwu. Anabwezera kansomba m'madzi oyera n'kukagwira mpaka katayamba kupalasa. Anapempha thumba la m'bokosi lina, ndi linanso. Zonse zinali chimodzimodzi. Ine ndinaunika mpaka mapeto, misozi ikutsika, ndipo inali misozi ya ukali.

Achimwene anabwerera pathabwa paja n'kukhala pansi.

"Munthu anali atawerenga kale fifitini, amayi," anatero. "Anali atawerenga kale."

Wapolisi anamasula unyolo palamba. Sanachite mwankhanza, anangoti, "Bambo, imirirani, manja kutsogolo." Phokoso la unyolowo ndimalimvabe ndikamatseka sizasi.

"Dikirani," anatero amayi. Anali akupukuta singano pakansalu. "Bwana, m'faelo yakeyo muli kalata ya mbewu ya nsombazi. Taitulutsani."

Insipekitala anaipeza. "Yasainidwa ndi Dokotala. Akuti kabuluu wamba, tisanu ndi titatu."

"Dokotala sanazione nsombazo. Anasaina pa mawu anga, monga asainira makalata onse. Mwanayu anabwera nazo kwa ine kudzafunsa, monga lamulo linenera. Ine ndinasuzumira m'ndowa n'kutchula dzina. Sindinawerenge."

"Mayi, mukudziwa chimene mukunena?"

"Ndikudziwa. Iye sadziwa kuwerenga minga, anakhulupirira mayi ake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akutumiza chimene ine ndinamuuza kuti n'chololedwa. Ngati unyolowo ukufuna dzanja, dzanja lake ndi ili."

Insipekitala anatembenuza kalata ija kutsogolo ndi kumbuyo. "Koma dzina lanu palibe apa. Palibe pena paliponse."

"Silikhalapo."

"Ndiye mukanakhala chete, palibe akanakulozani chala."

Amayi anabaya singano pakolala.

Insipekitala anatuluka kukaimba foni, ndipo tinamuona kudzera pawaya akuyenda uku ndi uku, dzanja lili pachipumi. Anaimba kulikulu, anaimbanso kwa Dokotala kunja kuja. Zinatenga pafupifupi ola. Wapolisi anaima ndi unyolo m'manja, osadziwa kuti aubweze kapena ayi. Thuu koloko inakwana, ndipo tinamva ndege ikunyamuka, malata onse a shedi akunjenjemera.

Atabwera anali ndi pepala loyera. Dokotala wavomera kuti wowerenga ndi amayi, anatero, ngakhale anavomera mokoka mawu. Ngati amayi alemba ndi dzanja lawo zonse zimene anena n'kusaina, achimwene sagona m'chitolokosi, poti sanachite dala. Koma nsomba zonse zilandidwa, za pano ndi za kunyumba, laisensi iimitsidwa, ndipo pepalalo lipita kwa akuluakulu a amayi.

"Bweretsani," anatero amayi.

Analemba ataimirira, patebulo lachitsulo lonyowa lija, ndi zilembo zing'onozing'ono zowongoka zimene analembera timapepala ta mabotolo zikwi zinayi. Analemba tsiku, ndowa, chipatala, ndi mawu akuti sindinawerenge. Pansi analemba dzina lawo lonse. M'zaka makumi atatu ndi chimodzi, limenelo ndilo linali pepala loyamba la boma lokhudza nsomba kukhala ndi dzina la amayi.

"Ntchito yanu tilembe chiyani?" anafunsa Insipekitala.

"Wothandizira."

Insipekitala anayamba kulemba, anaima, anakhwatcha. Ndinasuzumira. Analemba kuti wozindikira mitundu ya nsomba.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Achimwene anatidutsa osatiyang'ana n'kukalowa m'kagalimoto kawo kopanda katundu. Anakhala mphindi zingapo mutu uli pachiwongolero, kenako analiza injini n'kumapita, ife kutisiya pamenepo. Ine zinandikwera.

"Mwasangalala? Ana atatu aja adya minga? Munthu waona yekha fifitini, inu n'kumugwira dzanja kumuonetsa pomangira mwana wanu! Nsomba zanu zomwezo zimatseka pakamwa milungu itatu osadya, kuteteza ana. Inu mwalephera mphindi imodzi!"

Ndinakuwa mpaka onyamula katundu anatembenuka. Amayi anasuntha kachitini kuchoka kudzanja ili kupita kudzanja linalo. Maso awo anali ofiira.

"Milungu itatu ndi kabuluu wamba," anatero pang'onopang'ono. "Msuweni amafika inayi. Ndikanafunsa mwana uja kuti zake zimatenga masiku angati, ndikanadziwa kalekale. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinafunse. Ndinkaopa yankho."

Tinayenda mpaka pamsewu waukulu.

Mlungu womwewo anthu a boma anabwera ndi galimoto ya mathanki n'kukokolola nsomba zonse kuseri kwa achimwene, kupita nazo kumaiwe a ofesi. Akuti ndi gulu la msuweni lalikulu kuposa lililonse limene linaonekapo pamalo amodzi, ndipo Dokotala analemba nkhani yake m'buku la akatswiri. Musandifunse ngati dzina la achimwene kapena la amayi lilimo. Akuluakulu a ofesi anawauza amayi kuti akapume kaye kunyumba, ndipo kupumako sikunathe mpaka lero. Analemba ntchito mayi wina wa madigiri awiri kuti awerengenso mabotolo onse amene amayi anawatchula dzina, poti munthu wolakwa kamodzi ndiye kuti mwina analakwa kambiri. Zinamutengera miyezi isanu ndi iwiri. Sanapeze cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo anabwera yekha kunyumba kudzawauza, atanyamula shuga. Nsomba yokhayo imene amayi anaitchula osawerenga pa moyo wawo wonse inali ya mwana wawo.

Achimwene anabwerera kunsi kwa magalimoto, pagalaja ya mnzawo. Kundende sanapite, koma kwa amayi anasiya kupondako. Alamu ankabweretsa ana, iwo n'kutsala m'galimoto pamsewu, injini ikulira. Amayi ankangosuzumira pakatani. Chimene chinandiopsa ine n'chakuti anasiya kuwerenga patebulo. Nsomba inkafika, iwo n'kungoigawa ngati munthu wina aliyense, singano ili pakolala osaikhudza. Za tochi ija sanazitchulepo, ngakhale tsiku limodzi. Ndinkadikira kuti andikalipire kuti nane ndiwakalipire, koma sanandipatse mpata.

Panatha chaka ndi miyezi. Lamlungu lina masana, kunja kukugwa mvula yowaza, tili patebulo ine ndi amayi ndi alamu ndi ana, tinamva injini yazima pamsewu. Achimwene analowa akudontha madzi, manja akuda ndi girisi wosachoka ndi sopo. Sanapereke moni wautali. Anakoka mpando wa malemu abambo n'kukhala. Ana anasiya kutafuna.

Pakati pa tebulo panali nsomba yokazinga, yaikulu bwino, imene alamu anagula kumsika. Amayi anatenga mpeni kuti aigawe. Achimwene anaika dzanja pambale n'kuikankhira kwa iwo.

"Amayi, nsomba iyi ndi ndani?"

Amayi anawayang'ana. Kenako anaika mpeni pansi, ndipo dzanja lawo linakwera pakolala. Anawerama pambale, anatsinzina, anaweramanso.

"Mdima wachuluka muno ndi mvulayi," anatero. "Maso anatha awa."

Ndinadzuka msangamsanga n'kukatenga tochi pawindo. Ndinaiyatsa, ndinaima pambali pawo pamalo anga akale, n'kuitsitsa cham'mbali monga anandiphunzitsira. Amayi anatambasula dzanja, anaichotsa m'manja mwanga mofatsa, osandiyang'ana, n'kuipereka kwa achimwene.

"Gwira iwe. Motsika, kuchokera uku."

Ndinabwerera pampando wanga n'kuika manja pamiyendo. Amayi anaika singano kumchira n'kuyamba kuwerenga.